Kandeke kotsika ndi mwala wachikasu ku Mambwe: kodi ndi uranium?

MwanaWaJumbe:
Anzanga ndithandizeni nzeru, mutu sukugwira. Ndinapita kumudzi ku Mambwe kukaona amai, ndapeza mudzi wonse uli pa nkhani imodzi. Akuti mwezi watha kunadutsa kandeke kotsika kwambiri, kupita uku kubwerera uku ngati munthu akulima mizere ndi ng'ombe, masiku atatu. Pambuyo pake kunabwera anyamata anayi pa motoka yoyera, mmodzi atanyamula kamakina kolira kuti tii tii tii, akuyenda mu kamtsinje kouma kuseli kwa dimba la amai, kutapa dothi kuika mu tumapulasitiki nkulembapo manambala. Anangopereka moni kwa a mfumu basi, zochita zawo sanafotokoze. Manje mphwanga wa zaka 19 wakatola mwala pomwe makina analira kwambiri, uli ndi chikasu m'ming'alu, wauika pansi pa bedi ati ndi uranium adzagulitsa agule njinga yamoto. Chipinda chomwecho mugona ana awiri a mlongo wanga. Kodi mwala umenewu ungaphe ana? Nanga dimba la amai atilanda?

KapataBoy:
Mwalemera inu, mukulira chani? Muuzeni mphwanu asunge bwino, ogula amabwera okha.

AmakeTiya:
Iwe KapataBoy, munthu akukamba za ana iwe uli pa ndalama. A MwanaWaJumbe, choyamba mwalawo utuluke m'nyumba lero lomwe, zina tikamba pambuyo.

AphunzitsiAMiyala:
AmakeTiya anena zoona, utuluke, kaya ndi uranium kaya si uranium. Auike panja kutali ndi posewera ana, osati m'nkhokwe kapena kukhichini, ndipo amene waugwira asambe m'manja asanadye. Koma mtima ukhale pansi. Mwala umodzi wa kukula ngati chibakera sungadwalitse mwana m'masabata awiri atatu, ndiponso miyala yambiri yachikasu kuno kwathu ndi dzimbiri la chitsulo chabe.

Ine ndimaphunzitsa geography ku sekondale ndipo nkhani ya miyala ndimaikonda, lekani ndifotokoze pang'ono. Uranium, chitsulo chimene amapangira magetsi a nyukiliya ndi mabomba, si chinthu chachilendo chimene chili ku maiko a azungu okha. Ili paliponse, mu dothi la m'munda mwanu, mu njerwa za nyumba, ngakhale m'madzi a m'nyanja ya mchere. Mukatenga tani imodzi ya mwala wamba mupezamo magalamu awiri kapena atatu. Mapiri atizungulira muno mu Chipata ambiri ndi a granite ndi miyala ina ya mtundu womwewo, ndipo granite imakhala nayo yochulukirapo pang'ono, pamodzi ndi thorium ndi potassium, zonse zitatu zimatulutsa radiation, mphamvu yosaoneka ndi maso imene imaliritsa kamakina kaja. Mutapita ndi kamakina kaja pa phiri la Kanjala kangalire ndithu. Kulira kwa makina si mgodi ai. Kuti pakhale mgodi pafunika uranium itaunjikana malo amodzi kuwirikiza kambirimbiri kuposa pamenepo.

NgoniWaMtenguleni:
Aphunzitsi ngati ili paliponse nanga achokeranji kutali kukafuna ku Mambwe? Osakumba pa Kanjala pompa pafupi ndi tara bwanji?

AphunzitsiAMiyala:
Funso labwino a Ngoni. Yankho lake ndi madzi. Uranium imasungunuka m'madzi amene ali ndi mpweya wa okosijeni, ngati mchere mu ndiwo. Ndiye kwa zaka mamiliyoni mvula yakhala ikutsuka mapiri a granite kuno kumtunda, madzi nkutengera uranium ija kunsi. Chigwa cha Luangwa ndi chidzenje chachikulu pomwe nthaka inang'ambika nkutitimira, chinadzaza ndi mchenga ndi matope amene anauma nkukhala miyala, akatswiri amaitcha miyala ya Karoo, ya zaka pakati pa 300 miliyoni ndi 180 miliyoni zapitazo. Mwala wa mchenga uli ngati siponji, madzi amayenda mkati mwake. Akakumana ndi malo amene munakwiririka mitengo, masamba kapena malasha, okosijeni uja amatha, uranium imalephera kupitirira nkukhazikika pompo. Chaka ndi chaka pang'ono pang'ono mpaka kuunjikana. Nchifukwa chake ofufuza amakonda zigwa zotere. Ya ku Siavonga ndi Chirundu, imene amati Muntanga ndi Dibbwi, ili mu miyala ya Karoo. Ya ku Kayelekera ku Karonga chimodzimodzi. Ya ku Mkuju River ku Tanzania chimodzimodzi. Luangwa ndi m'bale wawo wa zigwa zimenezi, ndiye sizodabwitsa munthu kubwera kudzanunkhiza.

Mlimi_Msoro:
Za mitengo yokwiririka ndi zoona izo. Ine ndinagwirako nchito ya ulonda kufupi ndi paki ya South Luangwa, kuli mitengo yosanduka miyala, ukaona uganiza chipika cha nkhuni, makungwa ake ndi mizere ya mkati zonse zikuoneka, koma ukati unyamule ndi mwala weniweni wolemera. Ndinkadabwa kuti zimenezi zinachitika bwanji.

Injiniya_Kitwe:
Aphunzitsi ndikutsutseni pang'ono, musachotseretu granite. Mgodi wa Rössing ku Namibia, umene unayamba mu 1976, uli mu mwala wa mtundu wa granite, ndipo uranium yake ndi yochepa, magalamu ngati 300 pa tani, koma amakumba chifukwa phiri lake ndi lalikulu zedi. Ndiye si zigwa zokha. Kuno ku Zambia komwe, ku Lumwana uranium imatuluka pamodzi ndi kopa.

AphunzitsiAMiyala:
Ndavomera a Injiniya, mwandikonza bwino. Koma magalamu 300 ndi magalamu 4 kapena 5 a granite wamba ndi zinthu zosiyana kutali. Mfundo yanga ndi yakuti anthu a ku Mchini ndi Navutika asayambe kuthawa mapiri awo.

KapataBoy:
Koma ine ndinamva kuti mphenzi imakonda kugwa pa phiri lomwe lili ndi uranium. Ndiponso usiku mwala wake umawala.

Injiniya_Kitwe:
Zonse ziwiri ndi bodza mwana wakwathu. Mphenzi imagwa pa chinthu chachitali, kaya phiri kaya mtengo kaya tawa ya netiweki. Mwala wa uranium suwala wokha mu mdima. Ilipo mitundu ina yachikasu ngati autunite imene imaoneka yobiriwira ukaiunika ndi tochi ya UV, ngati ija amayesera ndalama zachinyengo, koma ukazima tochi nayonso yazima. Ndipo mwala wolemera uranium kwambiri, pitchblende, ndi wakuda bii, ungaudutse osauyang'ana kawiri.

MkumbiWaLundazi:
Ndikambeko ine amene ndadya nazo zowawa. Ndakumba aquamarine ndi tourmaline ku Lundazi zaka zambiri. Chaka china anabwera munthu wovala bwino, ati ali ndi ogula a kunja ofuna uranium, anationetsa kabotolo kachitsulo komata ndi phula, ati mkati muli sampulo, tisonkhe ndalama zoyezetsa ndi za mapepala kenaka tigawane mamiliyoni. Tinasonkha anthu asanu, ine ndinagulitsa mbuzi zinayi ndi matumba a nshawa amene mai a kunyumba anasungira fizi ya mwana. Munthu uja foni yake mpaka lero siipezeka. Titatsegula kabotolo munali dothi losakaniza ndi penti. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. A MwanaWaJumbe muuzeni mphwanu kuti palibe msika wa uranium wa pa tebulo ngati wa golide kapena miyala ya mtengo wapatali. Amene angamuuze kuti ndigula ndi wakuba, kapena amulowetsa m'manja mwa apolisi chifukwa kusunga ndi kugulitsa zimenezi popanda layisensi ndi mlandu.

AmakeTiya:
Pepani a Mkumbi. Mbuzi zinayi si masewera.

Injiniya_Kitwe:
Ndionjezere pa mau a a Mkumbi. Ngakhale mwala wa mphwanu utakhaladi wa uranium, muwerenge nokha. Mgodi ngati wa Kayelekera unkapeza pafupifupi kilogalamu imodzi pa tani ya mwala. Mwala wa makilogalamu awiri ndiye kuti muli magalamu awiri, osakwana ndi mtengo wa botolo la kokakola. Kuti ituluke pafunika chigayo chachikulu chopera mwala, matanki a asidi ndi mankhwala ena, mpaka kupeza ufa uja amati yellowcake. Yellowcake yomweyo siphulika, siyatsa magetsi payokha. Mu uranium ya m'nthaka, mtundu umene umagwira nchito, U-235, ndi 0.7 peresenti chabe, yotsalayo pafupifupi yonse ndi U-238. Kulekanitsa ziwirizi ndi maiko ochepa okha ali ndi mafakitale ake.

DalaivalaWaMwami:
Yellowcake ya ku Karonga inkadutsa m'Zambia muno pa mathiraki kupita ku doko la Walvis Bay ku Namibia, mu madiramu otseka bwino mkati mwa makontena. Ambiri sankadziwa nkomwe. Koma mwakamba za mathiraki, katundu wolemera ndi amene akutha miseu yathu, Great East Road imavutika, nanga ukabwera mgodi ku chigwa msewu wa ku Mfuwe ungapirire?

Mlimi_Msoro:
Inu mukulira tara, ife ku Msoro dzinja likafika ngakhale feteleza safika pa nthawi yake. Chaka chatha ndinathira wa pamwamba chimanga chitayamba kale ngaiyaye. Ngati mgodi ungabweretse msewu ndi mlatho ine ndiulandira ndi manja awiri, njovu zikutidyera m'minda palibe amene amatilipira, bola mgodi.

NgoniWaMtenguleni:
Feteleza ndi vuto la tonse ilo, ife ku kopaletivu mpaka tinakangana. Nshawa nazo mavenda akugula mtengo wozizira.

KapataBoy:
Soya ndiye osakamba.

Admin_Chipata:
Abale za feteleza ndi soya zili ndi malo ake, tibwerere ku funso la a MwanaWaJumbe. Pali ana ndi dimba pano.

NesiWakuKatete:
Zikomo a Admin. Ine ndikambe za thupi chifukwa ndi kumene ndimagwira. Anthu amaopa mwala kuuyang'ana, koma choopsa chenicheni ndi chimene chalowa mkati mwa thupi. Uranium payokha imatulutsa radiation yofooka ya alpha imene siboola ngakhale pepala kapena khungu. Vuto ndi njira zitatu: kupuma, fumbi ndi madzi.

Kupuma: uranium ikamasweka pang'onopang'ono imabala radium, radium nkubala mpweya wotchedwa radon. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Panja umauluzika ndi mphepo palibe kanthu, koma m'chipinda chotseka mawindo umaunjikana, ndipo munthu akaupuma zaka zambiri ungayambitse khansa ya m'mapapo. Pambuyo pa fodya, radon ndi amene amatsatira pa zoyambitsa khansa imeneyi, ndipo wosuta fodya amene akupumanso radon ngozi yake imakula kwambiri. Nchifukwa chake pansi pa bedi ndi malo oipitsitsa amene mnyamatayo akanasankha. Ubwino wake radon sakhalitsa, masiku osakwana anayi theka lake latha, ndiye mwala ukatuluka nkutsegula mawindo chipinda chiyera chokha.

Madzi ndiye amandidetsa nkhawa koposa. Uranium m'madzi akumwa imapweteka impso monga zitsulo zina zapoizoni. Bungwe la WHO limati isapitirire mamaikulogalamu 30 pa lita. Kuwiritsa madzi sikuchotsa, kuthira klorini sikuchotsa, ndipo madziwo amaoneka oyera mbee ndi kukoma bwinobwino. Ngati makina analira mu kamtsinje ka kuseli kwa dimba, funso langa ndi lakuti amai amatunga kuti madzi akumwa?

MwanaWaJumbe:
Mwandiopsa a Nesi. Chilimwe amafukula mchenga mu kamtsinje komweko, mjigo uli patali ndipo umafa kawirikawiri.

NesiWakuKatete:
Musaope, sindinati madziwo ndi oipa, ndati ayezedwe. Amai amwa madzi amenewo zaka zonsezi. Koma kuyeza lero kuli ndi phindu lina lalikulu: kampani ikadzayamba kubowola, mudzakhala ndi pepala loonetsa mmene madzi analili isanabwere. Popanda pepala limenelo tsiku lina mukadzadandaula adzati zinali choncho kuyambira kale, inu mudzayankha chani? Yambirani kwa a zaumoyo a za chilengedwe pa kiliniki yanu kapena ku khonsolo akuuzeni kotumiza sampulo.

AmakeTiya:
Nanga azimai ophwanya miyala m'mbali mwa phiri muno mtauni? Mlamu wanga ndi nchito yake, tsiku lonse pa fumbi ndi mwana kumbuyo. Ndiye kuti akupuma uranium?

NesiWakuKatete:
Kwa iwo mdani wamkulu si uranium ai, ndi fumbi lenilenilo la mwala. Limalowa m'mapapo nkuwaumitsa, matenda ake ndi silicosis, sachira, ndipo amatsegulira njira TB. Awaze madzi pa miyala pophwanya, avale chotseka pamphuno, ndipo mwanayo asakhale pa fumbipo chonde.

WakuKaronga:
Ine ndine wa ku Malawi koma ndinakwatira kuno ku Chipata, ndiloleni ndiyankhe a Mlimi_Msoro amene akuti bola mgodi. Kayelekera inatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya ku Australia, Paladin. Karonga inasintha, nyumba za lendi zinakwera, anthu anatsegula mashopu ndi malo ogona alendo. Mu 2011 kunachitika ngozi pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima ku Japan, mtengo wa uranium unagwa pa dziko lonse, pofika 2014 mgodi unaima. Zaka zisanu chabe. Nchito zambiri zinathera pomwepo chifukwa cha chivomezi ndi madzi osefukira a ku Japan kumene ambiri a ife sitidzafikako. Mu 2020 inagula kampani ina, Lotus Resources, ndipo mu 2025 anayambanso. Sindikuti mgodi ndi woipa, alipo amene anamanga nyumba ndi kuphunzitsa ana. Koma mtengo wake suli m'manja mwanu, pamene zotsalira za mwala wopera zimakhala pompo kwa muyaya, ndipo radium ndi zina zambiri za radiation zimatsalira m'menemo, yellowcake yokha ndi imene imapita. Walira mvula walira matope, a Mlimi.

Mlimi_Msoro:
Matope tili nawo kale amwene, chimene tilibe ndi mvulayo. Inu mumakamba muli mtauni pa magetsi.

WakuKaronga:
Sindikukunyozani akulu, umphawi ndimaudziwa. Ndikungoti polandira muzifunsa kuti damu la zotsalira lidzakhala pati, madzi ake dzinja adzalowera kuti, ndipo kampani ikadzachoka adzalisamala ndani. Kwanuko madzi onse amatsikira mu Luangwa, ndipo Mfuwe yonse imadya za alendo odzaona nyama.

NgoniWaMtenguleni:
Ku Congo nako kunali mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, uranium yambiri ya bomba la ku Hiroshima mu 1945 inachokera kumeneko. Mwala wolemera kuposa ina yonse, koma anthu a kumeneko analemera nawo?

KalalikiWakale:
Ndafika mochedwa, ndiyankhe mbali ya dimba chifukwa palibe amene waigwira bwino. Mwa lamulo la Zambia, miyala yonse ya pansi pa nthaka ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, ngakhale munda ndi wanu kuchokera kwa makolo. Ndi zowawa koma ndi mmene zilili. Koma layisensi yofufuza ndi layisensi yokumba ndi mapepala awiri osiyana. Zimene mwaona, ndeke ndi kutapa dothi, ndi chiyambi chenicheni. Kenaka amakumba tingalande, kenaka kubowola mabowo akuya kutulutsa mwala wooneka ngati misi, kuutumiza ku labu, zaka zimapita. Ofufuza ambiri amathera panjira osapeza chokwanira mgodi. Onani ku Siavonga, uranium inadziwika kalekale koma anthu akhala akudikira mgodi zaka ndi zaka.

Chinanso, musafulumire kunena kuti akufuna uranium. Mu 2024 boma linayambitsa nchito youlutsa ndeke kuyeza miyala ya dziko lonse, ndipo ndeke zotere zimayeza maginito a miyala pamodzi ndi radiation pofuna kujambula mapu, kaya munthu akufuna kopa, golide kapena china. Ndeke ija mwina inali ya zimenezo, anyamata a motoka yoyera nkukhala ena.

Chimene a mfumu ayenera kuchita akadzabweranso ndi kuwakhazika pansi: dzina la kampani, nambala ya layisensi, akufuna mwala wanji, kalata yochokera kwa mfumu yaikulu ndi ku khonsolo ili kuti. Pa malo a mudzi lamulo limafuna chilolezo cholembedwa, si moni chabe. Akaononga mbeu kapena mitengo ayenera kulipira. Mgodi usanayambe pamafunika lipoti la za chilengedwe lopita ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo anthu a pamalopo amayenera kufunsidwa maganizo. Za radiation pali a Radiation Protection Authority. Ndipo amai asadinde chala pa pepala lililonse limene sanawawerengere m'Chinyanja, ngakhale atauzidwa kuti ndi la mayina a obwera ku msonkhano chabe. Ndinaonapo pepala la mayina otenga chakudya cha pa msonkhano likusanduka umboni wakuti mudzi unavomera.

AmakeTiya:
Apo pokha a Kalaliki mwalasa. Safunsa anadya phula.

KapataBoy:
Ine ndinayamba ndi zoseka koma ndaphunzira, pepani a MwanaWaJumbe. Funso limodzi, foni singayeze? Ndinaona ma app ena.

Injiniya_Kitwe:
Osadalira zimenezo pa nkhani ya ana. Pafunika Geiger counter yeniyeni, makina oyezera radiation, ndiponso iyo imangokuuza kuti pali radiation, siikuuza ngati ndi uranium kapena thorium. Mchenga wakuda wolemera umene umatsalira m'makona a mitsinje nthawi zambiri umakhala ndi monazite, mwala wa thorium, nawo umaliritsa makina kwambiri. Poti anyamata aja ankayenda mu kamtsinje, mwina ndi zimenezo. Labu yokha ndi imene ingathetse mkangano.

AphunzitsiAMiyala:
A MwanaWaJumbe ngati mungathe, mphwanu ajambule mwalawo masana pafupi ndi kobiri kuti tione kukula kwake, ajambulenso pomwe anautola. Asauswe, asaupere, asaunyambite monga amachitira okumba ena poyesa miyala. Ndikufuna ndione ngati ndi mwala wa mchenga wokhala ndi timizere takuda ta makala mkati, chifukwa zikakhala choncho ndiye kuti nkhani ya kuyeza madzi ifulumire.

MwanaWaJumbe:
Zikomo nonse, ndangotsitsa foni ndi mlongo wanga. Mwala watuluka, auika mu chitini cha penti kuseli kwa khola la mbuzi, mawindo atsegula. Mnyamata anayamba wakana mpaka amalume anachita kumukalipira, manje wakwiya sakulankhula ndi munthu, ndamutumizira zimene alemba a Mkumbi aziwerenge yekha. Amai akuti madzi a mu kamtsinje sangasiye chifukwa mjigo wafanso, ndiye ndatumiza ndalama ya mapaipi ndi malabala kwa a komiti. A mfumu avomera kuitana anthu Loweruka pansi pa mtengo wa msikizi. A Kalaliki, mungandilembere mafunso aja mwadongosolo m'Chinyanja chosavuta kuti ndikapulinte pa Kapata? Ndikwera ya ku Mfuwe Lachisanu m'mawa.

KalalikiWakale:
Ndilemba usiku uno. Mupulinte makope atatu, imodzi ya a mfumu, imodzi ya a kansala, imodzi isungidwe ndi amai. Mutengenso mabotolo awiri atsopano a madzi, koma mufunse kaye ku kiliniki mmene amafunira kuti sampulo itungidwe.